Michenzani: ‘sitima’ za simenti pakati pa mzinda wa Zanzibar

Mlendo akafika koyamba ku Michenzani, mumzinda wa Zanzibar, amayamba waima n'kukweza maso. Kutsogolo kwake kuli nyumba imodzi yokha, koma kuti aione pomwe yathera ayenera kupotoza khosi. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 300, ngati mabwalo atatu a mpira ataikidwa mondondozana.

Nyumba zoterezi zilipo khumi, zandandalika m'mbali mwa misewu iwiri ikuluikulu yomwe imapingasana pa raundabauti. Anthu a kumeneko adazipatsa dzina loti “treni”, kutanthauza sitima yapamtunda, poti zimaoneka ngati mabogi olumikizana. Kungoti sitima zimenezi chiimireni m'zaka za m'ma 1970 sizidasunthepo.

M'makoma mwake mwayangayanga mapaipi ang'onoang'ono okwera m'mwamba ngati mphonda pa tsindwi. M'makonde mwayanikidwa zovala, mwatsamiritsidwa zigubu, ndipo apo ndi apo pakufuka utsi wa mbaula. Mkati mwa mdadada uliwonse muli mabanja ambirimbiri, lililonse m'fulati mwake, ena pansi, ena pamwamba pa anzawo.

Zanzibar ndi likulu la zilumba za Unguja ndi Pemba, zomwe zili mbali imodzi ya dziko la Tanzania koma zili ndi pulezidenti ndi boma lawolawo. Pafupifupi munthu aliyense kumeneko ndi Msilamu. Alendo ochokera kunja amathamangira ku Stone Town, chigawo chakale cha mzindawu, kukajambula zitseko zogoba ndi nyumba za mafumu. Kuchoka kumeneko kufika ku Michenzani ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi, koma ndi alendo owerengeka amene amaoloka msewu kukaonako. Chonsecho mbiri ya anthu wamba a mzindawu ili tsidya limenelo.

Kutsidya kwa khwawa

Michenzani ndi kadera kamodzi mwa madera ambiri a chigawo chotchedwa Ng'ambo. M'Chiswahili mawuwa amatanthauza “tsidya lina”. Dzinali silidangobwera. Kale pakati pa Stone Town ndi Ng'ambo padali khwawa lomwe madzi a m'nyanja ankalowamo nyanja ikadzaza, ndipo akaphwa munkatsala matope onunkha. Anthu ankaoloka pa mlatho, ndipo mpaka lero malo a msika waukulu, womwe udamangidwa mu 1904, amatchedwa Darajani, kutanthauza “pamlatho”.

Mzindawu udakula kwambiri Sultan Seyyid Said wa ku Oman atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kudzakhala ku Zanzibar cha m'ma 1840. Chuma chake chidali pa minyanga ya njovu, pa mitengo ya karafuu, yomwe maluwa ake ouma amakometsera zakudya, komanso pa malonda a anthu.

Apa ndi pomwe nkhani ya Ng'ambo imakhudza kwathu kuno. M'zaka zomwezo, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota. Anthu ogwidwa m'midzi ankaolotsedwa nyanja pa zombo, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa, ndipo amene afika ali moyo ankakwezedwanso zombo kupita ku msika wa ku Zanzibar. Kumeneko ankawatchula kuti Wanyasa ndi Wayao, pambali pa mitundu ina monga Wamanyema a ku Congo ndi Wazaramo a m'mbali mwa nyanja ya mchere.

Msika wa akapolo udatsekedwa mu 1873 m'nthawi ya Sultan Barghash, ndipo pamalopo amishoni a UMCA adamangapo tchalitchi chachikulu cha Anglican. Ukapolo weniweniwo udathetsedwa mwalamulo pa zilumbazi mu 1897. Anthu ambiri omasulidwa sadafune kukhalanso m'minda ya karafuu ya ambuye awo. Adalowera m'tauni kukasaka maganyu: kunyamula katundu padoko, kutunga madzi, kuchapa, kuphika m'nyumba za olemera. Dzuwa likalowa ankaoloka khwawa lija kukagona ku Ng'ambo.

Ana ndi zidzukulu zawo adakula akuyankhula Chiswahili ndi kupemphera m'mizikiti ya komweko. Ambiri adasiya kudzitchula kuti Mnyasa kapena Myao, kaamba koti mainawo ankakumbutsa anthu za goli. Motero lero n'kovuta kuloza khomo n'kunena kuti agogo a banja ili adachokera ku nyanja yathu, koma magazi akewo alimo ndithu.

Maina a madera a ku Ng'ambo amaonetsa momwe malowa adalili anthu asadadzazemo. Mwembe ndi mtengo wa mango, ndiye kuli Mwembeladu, Mwembetanga, Miembeni ndi Mwembeshauri, komwe ndi ngati kunena kuti “pamango pokambirana nkhani”. Kikwajuni ndi pa bwemba. Michenzani ndi pa mitengo ya manachesi. Wopita kukafuna nachesi kumeneko lero akalipeza pa benchi ya wogulitsa zipatso, osati mumtengo.

Nyumba yako, dothi la wina

Nyumba ya ku Ng'ambo idali yosavuta kuimvetsa. Makoma adali a mitengo, timiyala ta m'nyanja ndi dothi, opakidwa njereza. Denga lidali la makuti, masamba a mitengo ya kokonati olukidwa, ndipo pambuyo pake amene apeza bwino ankafolera malata. Pakati pankadutsa kanjira kuchokera pakhomo lakumaso kukatulukira kuseri, zipinda zili mbali ino ndi mbali inayo.

Koma moyo wa panyumbapo sudali m'zipindamo. Udali kumaso ndi kuseri. Kumaso kudali baraza, kakhonde komangidwa ngati benchi, pomwe abambo ankakhala madzulo kumwa khofi, kusewera bawo ndi kulandirira alendo popanda kuwalowetsa mkati. Kuseri kudali bwalo lotchingidwa ndi mpanda, lomwe amati ua. M'menemo ndi momwe amayi ankaphikira, kuchapa, kukazinga mandasi ogulitsa, kuweta nkhuku ndi kucheza momasuka osafunda kumutu, poti maso a amuna achilendo sankafikamo. M'dera la Chisilamu, kagawidwe kameneka ka malo ndi nkhani yaikulu zedi.

Nyumba yotere inkathanso kukula. Mwana akakwatira, ankaonjezera chipinda kuseri. Ndalama zikavuta, chipinda chakumaso ankachichititsa lendi kapena kutsegulamo okala.

Vuto lidali pansi pa nyumbayo. Dothi silidali la wokhalamo. Malo ambiri a ku Ng'ambo adali a mabanja olemera a Chiarabu ndi Chimwenye, ndipo ena adali a wakfu, malo operekedwa m'dzina la chipembedzo kuti athandize mizikiti ndi osauka. Poyamba osauka ambiri ankamanga pa malo a wakfu osalipira kanthu. Angerezi atatenga ulamuliro mu 1890 adayamba kuyendetsa malowo ngati bizinesi, eni malo enawo nawo n'kumakweza mitengo. Munthu ankalipira lendi ya puloti mwezi ndi mwezi m'nyumba yoti adamanga ndi manja ake, ndipo akalephera ankatha kuthamangitsidwa.

Mu 1928 anthu a ku Ng'ambo adatopa nazo. Adagwirizana zoleka kulipira, ndipo amayi, omwe ambiri adali eni nyumba, adali patsogolo. Boma la atsamunda lidakakamizika kuika malire pa lendiyo. Chaka chomwecho, Siti binti Saad, mayi wa kumudzi wa Fumba amene adabwera m'tauni akugulitsa miphika, adapita ku Bombay kukajambula nyimbo zake za taarab m'Chiswahili. Ankakhala ku Ng'ambo komweko, ndipo nyimbo zake zambiri zinkanena za milandu ndi nkhanza zomwe anansi ake ankakumana nazo.

Atsamunda adalemba mapulani angapo okonzera mzindawu, kuyambira ndi ya katswiri Henry Lanchester mu 1923. Khwawa lija adalikwirira pang'onopang'ono mpaka lidasanduka msewu wa Creek Road, womwe masiku ano umadziwikanso ndi dzina la Benjamin Mkapa. Madzi adachoka koma malire adatsala. Mbali ina kudali mipopi, magetsi ndi ngalande, mbali inayo tinjira tokhotakhota todzaza madzi dzinja lililonse.

Loto la Karume

Chipani cha Afro-Shirazi chidabadwa mu 1957, ndipo mphamvu zake m'tauni zidali ku Ng'ambo. Mtsogoleri wake, Abeid Amani Karume, adali munthu wosapita patali ndi sukulu amene adagwira ntchito m'sitima zapamadzi n'kuona madoko a maiko ambiri. Pa chisankho cha 1963 chipanichi chidapeza mavoti oposa theka, koma mipando 13 yokha mwa 31. Zanzibar idalandira ufulu pa 10 December 1963 Sultan akadali pampando.

Patangotha mwezi, pa 12 January 1964, gulu la anyamata lotsogozedwa ndi John Okello wa ku Uganda lidalanda zida za apolisi n'kugwetsa boma. Sultan Jamshid bin Abdullah adathawa pa sitima. M'masiku otsatira anthu zikwizikwi, makamaka Aluya ndi Amwenye, adaphedwa, ena ambiri n'kuthawa kusiya nyumba ndi masitolo. Balali silidapole mpaka lero. Karume adakhala pulezidenti, ndipo pa 26 April chaka chomwecho adagwirizana ndi Julius Nyerere kuphatikiza Zanzibar ndi Tanganyika.

Boma latsopanolo lidalanda malo onse kukhala a boma. Lendi ya puloti idathera pomwepo. Kumidzi mabanja adagawiridwa maekala atatuatatu. M'tauni, Karume adalonjeza chinthu chomwe mwana wa kapolo sankachilota n'komwe: nyumba ya simenti, ya mpopi mkati, ya magetsi ndi chimbudzi chogejemula.

Bwenzi lidapezeka kutali. Nthawi imeneyo dziko la Germany lidali logawikana pawiri, ndipo la kum'mawa, East Germany, linkasowa maiko oti alivomereze. Zanzibar idalivomereza, ndipo pothokoza lidatumiza akatswiri ndi zipangizo. Mafulati oyamba adamangidwa ku Kikwajuni. Mu 1968 katswiri wolemba mapulani, Hubert Scholz, adatulutsa pulani yosintha Ng'ambo yense: kugwetsa nyumba zakale n'kumanga midadada yoposa 200 yokhala ndi mafulati pafupifupi 7,000.

Karume sadali munthu wodikira akatswiri. Ankafuna nyumba zazitali ndi zazikulu kuposa zomwe Ajeremani adajambula. Misewu iwiri yotakata idalambulidwa pakati pa Ng'ambo, nyumba zonse zomwe zidali m'njira n'kugwetsedwa. Ntchito yomanga idagwiridwa ndi anthu a ku Zanzibar komweko, ndipo ndalama zambiri zidachokera ku karafuu, yemwe nthawiyo adali pa mtengo wabwino.

Koma si onse adanyamula matumba a simenti mwa kufuna kwawo. Akaidi ndi anthu ogwidwa kuti ndi malova ankatumizidwa kukagwira ntchitoyo, ndipo mawu oti “kudzipereka” ankanenedwa ndi boma lomwe munthu sankatha kulikanira. M'zaka zomwezo chakudya chidasowa m'masitolo, anthu n'kumafola mizere ya mpunga ndi shuga, kwinaku makoma akukwera.

Karume sadaone mapeto a ntchito yake. Pa 7 April 1972 adaomberedwa akusewera bawo ku likulu la chipani ku Kisiwandui, pafupi ndi Michenzani pomwepo, ndipo manda ake ali pamalopo. Ntchito idapitirira mwa apo ndi apo kenako idaima. Pa mafulati 7,000 aja, ku Michenzani kudamangidwa ongopitirira pang'ono 1,000. Midadada iwiri idakhala zaka zambiri ili zigoba, mpaka idamalizidwa mwana wake, Amani Abeid Karume, ali pulezidenti pakati pa 2000 ndi 2010. Midadada ina yofanana nayo idamangidwanso ku Pemba ngakhale m'midzi ngati Makunduchi, komwe imaoneka ngati idagwa kuchokera kumwamba pakati pa minda ya chinangwa.

Kukhala m'mwamba

Ena mwa omwe nyumba zawo zidagwetsedwa adapatsidwa mafulati. Ena sadapeze malo ndipo adakamanga kunja kwa tauni. Kwa amene adalowa, masiku oyamba adali a chimwemwe. Denga silinkadontha, madzi a mvula sankalowa m'nyumba, ndipo palibe mwini malo amene ankagogoda pakhomo mwezi ukatha. Aliyense amene adagonapo m'nyumba yodontha, mbale zitatcheredwa pakama, sangapeputse zimenezi.

Mavuto adayamba kuonekera pang'onopang'ono, ndipo loyamba lidali la masitepe. Midadadayi ndi ya nsanjika zingapo, ina kupitirira zisanu, koma ilibe zikepe. Thumba la makala, thumba la mpunga, njinga, mwana wodwala, zonse zimakwera ndi kutsika pa mapewa. Nkhalamba ya miyendo yowawa yokhala pamwamba imatha masiku osaponda dothi. Kwa bambo wozolowera kupita ku mzikiti kasanu pa tsiku, masitepewo ndi mtanda wa tsiku lililonse. Pakagwa maliro, thupi liyenera kutsitsidwa m'makona a masitepe lisadafike pa jeneza, ndipo anamfedwa ndi odzapepesa sangakwane m'chipinda chochezera, motero mikeka imayalidwa pansi, panja pa mdadada.

Lachiwiri lidali la madzi, chinthu chomwe chidali pamtima pa lonjezo lija. Mzinda utakula ndipo mapaipi atakalamba, mphamvu ya madzi idachepa moti sankafikanso m'nsanjika zam'mwamba. Chimbudzi chogejemula chopanda madzi n'choipa kuposa chokumba. Mabanja sadadikire boma. Amene adali ndi ndalama adagula pampu yakeyake, kuiika pansi, n'kukweza paipi kunja kwa khoma mpaka pa fulati yake. Ndiwo mapaipi aja mlendo amawaona. Amene alibe pampu ankatuma ana ndi zigubu, kapena kulipira anyamata otunga madzi, omwe mtengo wawo umakwera pamodzi ndi nsanjika.

Pampu imafuna magetsi, ndipo magetsi a pachilumba cha Unguja amachokera kumtunda kudzera m'chingwe chodutsa pansi pa nyanja. Mu 2008 magetsiwo adazima pafupifupi mwezi wathunthu. Kenako mu December 2009 adazimanso mpaka March 2010, miyezi itatu yamdima. Mapampu onse adangoti zii. Amayi ndi atsikana a m'nsanjika zam'mwamba ndiwo adasenza mtolo wa miyezi imeneyo, ndowa imodziimodzi, sitepe imodziimodzi. Chingwe chatsopano chidayamba kugwira ntchito mu 2013.

Lachitatu silioneka ndi maso msanga. Wojambula fulati adaganizira banja la bambo, mayi ndi ana awiri kapena atatu, lophika pa chitofu n'kudyera pa tebulo. Banja la ku Ng'ambo lili ndi agogo, azakhali, ana a malemu achimwene ndi mlendo wochokera ku Pemba amene adati akhala sabata imodzi chaka chatha. Fulati siikula. Kulibe kuseri koonjezera chipinda, kulibe ua, kulibe baraza.

Anthu adachita zomwe akadatha. Khonde lidasanduka khitchini ya mbaula, ena adalitchinga ndi zitsulo kapena njerwa kuti likhale chipinda. Amayi amakumana m'makonde ndi pa masitepe. Abambo adatsitsa baraza lawo pansi: mabenchi pamthunzi wa mdadada, bawo, khofi wa m'tikapu ting'onoting'ono ndi mikangano ya mpira ndi ndale. Malo okumanirana otere amawatcha maskani, ndipo imodzi yotchuka kwambiri, ya Kisonge, ya otsatira chipani cha CCM, ili ku Michenzani. M'mwezi wa Ramadhani mbale za futari zimayenda kuchoka khomo lina kupita lina monga zinkayendera m'tinjira takale, kungoti tsopano zimakwera masitepe.

Chodabwitsa n'chakuti kuseri kwa midadadayi Ng'ambo wakale akadalipo. Munthu akangozungulira “sitima” imodzi amapezeka ali m'tinjira topapatiza, pakati pa nyumba za baraza kumaso ndi ua kuseri, zambiri tsopano zili za njerwa za simenti. Pulani yomwe idati idzafafaniza zonsezi idangokhala ngati mpanda wautali wozibisa kwa odutsa mumsewu.

Malo asanduka golide

Ngakhale zili choncho, fulati ya ku Michenzani si chinthu chomwe banja limataya wamba. Msika wa Darajani uli pafupi, doko lili pafupi, chipatala chachikulu cha Mnazi Mmoja chili pafupi, ndipo madaladala, omwe ndi maminibasi a kumeneko, amadutsa pakhomo. Wokhala kunja kwa tauni amadya ndalama ya thiransipoti tsiku lililonse, pomwe wa ku Michenzani amayenda wapansi. Mabanja ambiri akhalamo mibadwo itatu, ndipo kwa zidzukulu zobadwira m'mwamba, kumudzi ndi komweko.

Kuyandikira kumeneku ndi komwe kwasintha nkhani. Bungwe la UNESCO lidaika Stone Town m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2000, ndipo malamulo salola kugwetsa kapena kumanga mwachisawawa m'menemo. Nyumba zambiri zakale zasanduka mahotela ndi masitolo a alendo, omwe mu 2023 adapitirira 600,000. Wofuna kumanga nyumba yaitali ya bizinesi pakati pa mzinda amayang'ana tsidya lina la Creek Road.

Zizindikiro zikuoneka kale. Pokumbukira zaka 50 za kusintha kwa boma kwa 1964, ku Michenzani kudamangidwa nsanja yaitali yachikumbutso. Pafupi pake padadzamangidwanso nyumba yaikulu ya masitolo, Michenzani Mall. M'tinjira ta kuseri, eni nyumba ena akugulitsa mapuloti, ndipo pomwe padali nyumba ya baraza pakumera ya nsanjika zinayi.

Akuluakulu oona za mapulani a mzinda adayambitsa ntchito yotchedwa Ng'ambo Tuitakayo, kutanthauza “Ng'ambo yomwe tikuifuna”. Kusiyana kwake ndi mapulani a Lanchester ndi Scholz n'kwakuti ulendo uno anthu okhalamo adaitanidwa ku misonkhano kuti anene maganizo awo, ndipo midadada ya Karume pamodzi ndi nyumba zakale zija zidawerengedwa ngati mbali ya mbiri ya mzinda, osati zinyalala zoyenera kuchotsedwa.

Komabe funso lomwe anthu a ku Ng'ambo adafunsa mu 1928 silidachoke. Malo ndi a boma, monga adakhalira kuyambira 1964, ndipo boma lomwelo likufuna ndalama za omanga mahotela ndi masitolo. Midadada yoyambirira yapitirira zaka 50, ndipo kukonza nyumba ya mamita 300 si ntchito yoti mabanja angasonkherane. Ikadzafika nthawi yosankha pakati pa kuikonza ndi kuigwetsa, mabanja oposa 1,000 adzafuna kudziwa ngati adzabwerere pamalo pomwepo kapena adzalozeredwa kunja kwa tauni, monga adachitira anansi a agogo awo misewu iwiri ija ikulambulidwa.